Kusokera konkuno: momwe ntchito yosamutsa usoki kuchoka ku Guangzhou kubwera ku Blantyre ikuyendera

Disembala 2023

Bodi yavomereza. Maovolo, mayunifomu a alonda ndi madasitikoti amene takhala tikusoketsa ku Guangzhou m'dziko la China ayamba kusokedwa konkuno ku Blantyre, ndipo ine ndapatsidwa udindo woyendetsa kusamukaku ndi kumalemba momwe zikuyendera. Zolembazi ndiziika poyera kuti aliyense pakampani, kuyambira a za chuma mpaka a kosungira katundu, aziona zomwe tagwirizana ndi zomwe zatsala.

Chomwe chatifulumizitsa palibe yemwe sakuchidziwa. Mwezi wathawu Reserve Bank inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, bala la mu Meyi 2022, pamene kwacha inagwa ndi 25 peresenti, lisanapole. Oda yathu yomaliza tinagwirizana mtengo ndi kasitomala kwacha isanagwe. Ku fakitale tinali titalipira gawo loyamba lokha, ndiye lotsalalo tikulipira pa mtengo watsopano, ndipo phindu lonse latha katundu akadali panyanja. Kuonjezera apo, ngakhale munthu uli ndi makwacha m'manja, madola umachita kuwadikira, pomwe fakitale ya kunja sigwira sizasi ndalama isanalowe.

Ndinalembera bodi ulendo wa ovolo imodzi kuti onse auone. Kuvomereza sampulo, kudikira malo pamzere wa fakitale, kusoka, kudzaza kontena, sitima ya pamadzi mpaka doko la Beira, kenako thiraki makilomita pafupifupi 800 kudzera ku Tete ndi Zobue, kuombola katundu, n'kufika mosungiramo. Zonse zikayenda bwino ndi miyezi itatu kapena inayi. Koma kampani ya alonda ikalemba anthu atsopano Lolemba imafuna yunifomu pofika Lachisanu. Kuti tikwanitse timaoda mochulukitsa n'kusunga, ndipo ndalama yathu imangogona m'mashelefu, makamaka m'masaizi amene satuluka.

Chimodzi ndinachinena mosabisa pamsonkhano, ndipo ndikuchilemba pano kuti chisadzaiwalike: ovolo yosokedwa kuno sidzatsika mtengo kuposa ya ku China, makamaka chaka choyamba. Chomwe tikugula ndi nthawi, komanso kuchepetsa madola amene timafuna pa chovala chilichonse. Wina akamayembekezera kutchipa adzakhumudwa msanga n'kuyamba kukokera ntchitoyi kumbuyo. Ndinawakumbutsanso za Adidas, imene inatsegula mafakitale a makina apamwamba ku Ansbach m'dziko la Germany ndi ku Atlanta kuti izipangira nsapato pafupi ndi ogula, koma mu 2019 inalengeza kuti ikuwatseka n'kutumiza lusolo kwa opanga a ku Asia. Ndalama anali nazo, makina anali nawo, koma kubwerera kunyumba sikunawaphwekere.

Febuluwale 2024

Malo tapeza, shedi yochita lendi cha ku Chirimba. Denga ndi labwino, mawindo ndi ochepa, ndiye tiyenera kuika magetsi owala pamwamba pa makina aliwonse. Telala wosoka nsalu yakuda mumdima amathyola singano ndi kupinda msoko.

Makina taoda: osoka msoko wowongoka, a ovaloko omanga m'mphepete mwa nsalu, oboola mabowo a mabatani, olimbitsa m'makona a matumba, ndi mpeni wamagetsi wodulira nsalu. Onsewa ndi ochokera kunja, ndiye ntchito yochepetsa madola ikuyamba ndi kudya madola. A za chuma anena zimenezi kangapo ndipo akunena zoona. Odayo yagwanso m'nyengo yoipa, chifukwa chaka chatsopano cha ku China chinali pa 10 Febuluwale ndipo mafakitale kumeneko amatseka masabata. Ngongole ya kubanki nayo yadula, poti Reserve Bank yakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti.

Za magetsi tagwirizana kuti tisayambe opanda jenereta. Tonse tikukumbukira 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, momwe ntchito zinkaimira tsiku lathunthu. Tasankha makina a mota zosadya magetsi ambiri kuti m'tsogolo sola idzathe kunyamula mzere umodzi wa makina osokera.

Mapepala akuyenda: kulembetsa malo a ntchito motsatira lamulo la chitetezo ndi umoyo wa apantchito la 1997, ndi kupempha kulowa mu Industrial Rebate Scheme ya bungwe lotolera misonkho la MRA, ndondomeko imene imalola opanga katundu kulowetsa zipangizo popanda msonkho wa pachipata. Ndondomekoyi imafuna kaundula wosonyeza nsalu yolowa ndi zovala zotuluka, ndipo kaundula wotere sitinayambe tasungapo.

Epulo 2024

Mwezi uno ndasiya za makina, ndakhala ndikucheza ndi anthu athu mmodzimmodzi. Funso linali limodzi: fakitale ikayamba, ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku isintha bwanji? Mayankho ndi amene andionetsa kuti kukonzeka kwathu kuli kumbuyo kwenikweni, ndipo vuto lili mu ofesi.

Onse amati ganizoli ndi labwino. Palibe Mmalawi anganene poyera kuti safuna katundu azipangidwa kwawo. Buy Malawi Strategy inakhazikitsidwa mu 2016, masomphenya a Malawi 2063 nawo anaika mafakitale ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu, ndiye mawuwo tonse tinawaloweza. Koma ukafunsa kuti Lolemba m'mawa mudzachita chiyani chosiyana ndi lero, ambiri amayankha ngati fakitaleyo ndi ya anthu ena, yomwe idzangotumiza makatoni monga ankachitira a ku Guangzhou.

Abambo a ku ofesi yogula katundu ndi amene analankhula za kumtima. Akhala akuyenda ku China zaka zambiri, amadziwa misika ya nsalu, amadziwa kukambirana mtengo ndi anthu amene sagwirizana nawo chilankhulo. Anandifunsa kuti, "Achimwene, ndiuzeni zoona, ine ndikhala ndikugula ulusi ku Limbe basi?" Funsoli ndi lolemera. Ulemu wawo pakampani unamangidwa pa maulendo amenewo, ndipo ife tinalengeza kusamukaku osawauza malo awo atsopano. Ndinawayankha kuti luso lawo tikulifuna kuposa kale. Poyamba ankagula chinthu chimodzi chomalizidwa, pano adzagula nsalu, ulusi, mazipi, mabatani, malamba owala usiku, singano ndi zitsulo za makina, chilichonse ndi nthawi yake yofikira, ndipo chimodzi chikasowa mzere wonse uima. Tagwirizana kuti udindo wawo ulembedwe mwatsopano, iwo eni ali pomwepo polemba.

Amayi a kosungira katundu nkhawa yawo ndi ina. Anazolowera kulandira kontena kangapo pachaka n'kuwerenga makatoni. Tsopano adzatulutsa nsalu tsiku lililonse pa mita, kulandira zidutswa zotsala, ndi kuyankha ngati mita zolowa sizikugwirizana ndi zovala zotuluka. Anati, "Bwana, nsalu ikamasowa adzaloza ine chala." Akunena zoona, ndipo sitingawasiye okha ndi kope limodzi. Tikuwapatsa wothandizira ndi sikelo, komanso chipinda cha nsalu chikhala ndi kiyi wakewake.

A za chuma anazolowera kulipira ndalama yaikulu kamodzi n'kupuma. Fakitale imadya tsiku ndi tsiku: malipiro, dizilo, penshoni ya 10 peresenti ya olemba ntchito, msonkho wa TEVET wa 1 peresenti wothandizira maphunziro a ntchito zamanja, kukonza makina. Malipiro otsikitsitsa nawo akwera kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi kuyambira mu Febuluwale, ndipo telala waluso sangabwere pa ndalama imeneyo. Apempha kuti mtengo weniweni wa chovala chimodzi uziwerengedwa mwezi ndi mwezi, ndipo ndavomera ndi mtima wonse.

Amene andidetsa nkhawa kwambiri ndi ogulitsa. Iwo akondwa mopitirira. Ayamba kale kulonjeza makasitomala kuti chilichonse adzalandira m'masiku atatu, mtundu uliwonse, ngakhale zovala zisanu zokha. Ndawapempha kuti asalonjeze kanthu mpaka tidziwe zomwe mzere ungatulutse patsiku.

Potsatira zonsezi tasintha ndondomeko. Kusamuka konse pakamodzi takusiya. Tiyamba ndi madasitikoti ndi mayunifomu a alonda, maovolo apitirire kubwera kuchokera kunja mpaka mzere utakhazikika. Lachisanu lililonse ogulitsa, ogula, a kosungira katundu ndi a za chuma azikumana theka la ola, ataimirira, kuona oda za sabata yotsatira.

Julayi 2024

Makina afika ndipo amangidwa. Anachedwa, mwa zina chifukwa cha kuthithikana kwa sitima ku doko la Singapore. Sitima zochoka ku China kubwera ku Beira sizidutsa pa Red Sea, koma chiyambireni zigawenga za Houthi kuombera sitima kumeneko, zambiri zikuzungulira kumunsi kwa Africa, ndipo makontena asowa ndi kudula ponseponse.

Atelala talemba. Ena ndi achinyamata ochokera m'makoleji a ntchito zamanja, ena ndi akuluakulu amene akhala pakhonde la sitolo ku Ndirande ndi ku Bangwe zaka zambiri. Kapitawo wathu ndi bambo amene anasokapo m'mafakitale otumiza zovala kunja m'mbuyomu, ndipo kupezeka kwawo ndi mwayi waukulu, chifukwa anthu odziwa kuyendetsa mzere atsala ochepa m'dziko muno.

Apa ndi pomwe pali nkhani. Telala wa pakhonde amayeza munthu, amadula yekha, amasoka chovala chonse, mwini wake akavala n'kumuyamikira pamaso. Mzere wa fakitale umagawa chovalacho: uyu kolala, uyu matumba, uyu manja, uyu mabatani. Bambo wina, waluso kuposa onse, anaima tsiku lachiwiri n'kunena kuti, "A kapitawo, ine ndinabwera kudzasoka malaya, osati matumba okhaokha." Sindikumuona ngati wovuta. Munthu amene dzina lake linamveka m'dera lonse chifukwa cha masuti a ukwati, kumuuza kuti azisoka thumba lomwelomwelo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndi kumulanda chinthu chenicheni. Kapitawo anakambirana nawo ndipo tapeza njira: akuluakulu aluso awiri tawachotsa pamzere, akhala osoka masampulo ndi oona ubwino wa chovala chisanapakidwe. Ena onse azisinthana malo pakapita masabata angapo kuti aliyense adziwe chovala chonse, zomwe zitithandizanso wina akadwala kapena akapita kumaliro.

Za malipiro takangana ndithu. A za chuma amafuna kulipira pa chovala chilichonse chotuluka. Atelala akana, ndipo chifukwa chawo ndi chomveka: magetsi akazima, kapena zipi ikachedwa ku ofesi, amene ataye ndalama ndi iwo pa cholakwa chosakhala chawo. Tagwirizana malipiro okhazikika apamwezi, ndi kangachepe koonjezera kwa mzere wonse ukapitirira mlingo popanda zovala zobwezedwa. Maola ndi 48 pasabata monga mwa lamulo, opitirira apo ndi ovataimu.

Makaniko ndiye tilibe. Makina amakono ali ndi bolodi ya kompyuta mkati, ndipo amisiri ambiri a m'tauni anazolowera Singer yopalasa ndi mwendo. Tikutumiza mnyamata mmodzi kukaphunzira kwa amene anatigulitsa makinawo.

Seputembala 2024

Oda yoyamba yatuluka, yunifomu za alonda, ndipo mbali ina yabwezedwa. Mathalauzi a masaizi akuluakulu anathina m'ntchafu, malaya ena anafupika atachapidwa.

Titafufuza tapeza kuti vuto linayambira patebulo lodulira. Zaka zonsezi mapatani a zovala zathu anali m'kompyuta ya fakitale ya kunja. Ife tinkangotumiza chithunzi ndi masaizi, iwo n'kumadziwa kuti kuchoka pa saizi 34 kupita pa 44 m'chiuno muonjezere zingati, m'ntchafu zingati, ndiponso kuti nsalu ya thonje losakaniza imabwerera pang'ono ikalowa m'madzi. Nzeru imeneyo tinkailipira m'kati mwa mtengo wa chovala osaiona. Tinkati zovalazo ndi zathu, koma kapangidwe kake kanali m'manja mwa ena. Pano tasula zovala zakale chimodzichimodzi, kujambula mapatani pa makatoni olimba, ndipo mpukutu uliwonse wa nsalu ukafika timadulako kachidutswa, kukayeza, kukachapa, n'kukayezanso.

Pamsonkhano wa Lachisanu mmodzi wa ogulitsa anati zikanakhala za ku China sizikanachitika. Amayi a kosungira katundu anamuyankha kuti walira mvula walira matope, ndipo anakumbutsa kuti kontena ina inabwerapo ndi mabatani olakwika, tinakhala nayo chaka chathunthu chifukwa kubweza kunali kosatheka. Ulendo uno zobwezedwazo zakonzedwa m'sabata yomweyo ndipo kasitomala walandira. Kusiyana kwake ndi kumeneko, ndipo ndinasangalala kuti anakunena ndi iwo, osati ine.

Nsalu ikadali ya kunja. Thonje limalimidwa ku Chikwawa, ku Balaka ndi ku Salima, ndipo fakitale yakale ya David Whitehead, imene inagulitsidwa mu 2003 n'kukhala Mapeto, ikadalipo mumzinda muno. Abambo ogula katundu ayamba kuyendera opanga ndi ogulitsa nsalu a kuno ndi a maiko oyandikana nafe kuti aone ngati tingapeze yolemera ndi yosasuluka molingana ndi zomwe makasitomala athu anazolowera. Iwo eni ndi amene anabwera ndi ganizoli.

Disembala 2024

Chisankho cha ku Mozambique cha pa 9 Okutobala chatsatiridwa ndi zionetsero zomwe zasokoneza misewu ndi madoko, ndipo kuno mafuta avuta, mizere pa malo omwetsera mafuta kufika pogona pomwepo. Kontena yathu ya maovolo ndi nsalu yachedwa. Dizilo wa jenereta tikugula movutikira.

Nyengoyi yationetsa mbali zonse ziwiri. Maovolo, amene akadali ochokera kunja, atithera masaizi apakati ndipo palibe chomwe tingachite koma kupepesa makasitomala. Mayunifomu ndi madasitikoti tapitiriza kupereka, chifukwa mpukutu wa nsalu sukhala ndi saizi: womwewo umatulutsa 32 kapena 46 malinga ndi amene wabwera. Kusunga nsalu m'malo mosunga zovala zomalizidwa ndi phindu lomwe pa pepala la bodi silinaoneke bwino. Koma mzere unaimanso masiku angapo chifukwa cha mazipi a buluu. Kanthu kakang'ono, kotchipa, koma kopanda iko thalauzi silituluka. Tagwirizana kuti tizinthu ting'onoting'ono totere tizisunga ta miyezi ingapo, ndipo tizikhala ndi ogulitsa awiri, wina wa ku South Africa wobweretsa pamsewu.

Msonkhano wa Lachisanu unayamba kufooka mu Novembala, ena kumatumiza oimira. Ndapempha bwana wamkulu kuti azibwera iwo eni kamodzi pamwezi, ndipo kuyambira pamenepo anthu akufika pa nthawi yake.

Meyi 2025

Taunikira ntchito yonse pamodzi ndi bodi. Mtengo wa chovala chimodzi ukadali wokwera kuposa wa ku Guangzhou tikawerengera pa mtengo wa dola wa kubanki. Koma dola ya pa mtengo umenewo siipezeka nthawi yomwe tikuifuna, ndipo tikaphatikiza chiwongoladzanja cha ndalama yogona m'njira miyezi itatu kapena inayi ndi masaizi otsalira m'mashelefu, kusiyanako kumachepa kwambiri. A za chuma ndi amene apereka masamuwa, ndipo tsopano amadziwa mita zomwe zimalowa mu dasitikoti imodzi osayang'ana m'buku. Oda wamba ikutuluka m'masabata awiri. Ogulitsa aphunzira kufunsa kapitawo asanalonjeze tsiku, ngakhale mmodzi akufunikabe kukumbutsidwa.

Wina wa m'bodi anafunsa ngati kuletsa kwa boma kwa mu Malichi, kolowetsa katundu wina monga ufa wa chimanga, mpunga ndi mipando, sikukusonyeza kuti tifulumire kusamutsa zonse. Maganizo anga ndi akuti tisamange fakitale pa chiletso. Tinaona mu Epulo Tanzania itabwezera ndi chiletso chake, maiko awiriwa n'kukhalanso pansi kukambirana. Malamulo otere amasintha mofulumira kuposa momwe telala amaphunzirira mzere. Chitsanzo chomwe ndinapereka ndi cha ku South Africa, komwe boma, masitolo akuluakulu, mafakitale ndi mabungwe a apantchito anasainirana mgwirizano wa zovala mu 2019, ndipo a kampani ya TFG, eni masitolo a zovala a Foschini, anali atagula kale fakitale ya Prestige ku Cape Town mu 2012 n'kumaphunzitsa anthu awo pang'onopang'ono. Anasankha zovala zofuna changu kuti zizisokedwa pafupi, zina n'kumaitanitsabe kunja.

Ifenso tagawa chomwecho. Maovolo wamba alowa pamzere wathu kuyambira mu Julayi, mapatani ake akujambulidwa pano. Majekete a mvula ndi zovala zosagwira moto zikhalabe za kunja, chifukwa zimafuna makina omata misoko ndi ziphaso zoyezera zomwe tilibe. Fakitale ya ku Guangzhou sitinasiyane nayo, tangochepetsa oda, ndipo abambo ogula katundu awafotokozera bwinobwino kuti ubale usafe.

Zotsala ndi izi. Kapitawo ndi mmodzi yekha ndipo akukula, choncho mtsikana wina wa pamzere wa makolala, amene amaona msanga pomwe ntchito yaunjikana, ayamba kuyenda nawo kuyambira sabata yamawa. Atelala awiri achoka kupita ku Joni, ndipo ena atiuza kuti malipiro sakupikisana ndi mitengo ya pamsika, nkhani yomwe bodi yalonjeza kuiona mu Juni. Masampulo a nsalu ya kuno afika, achapidwa kamodzi, ndipo tikufuna kukawayezetsa ku Malawi Bureau of Standards tisanauze kasitomala aliyense. Mtengo wa sola tapempha kwa makampani atatu, awiri ayankha.